KEYALA YA ELEKITIRONI NDI MIYALA YA KU KANGANKUNDE

Pa tchuthi chathachi ndinali kwathu kwa Kalembo, kufupi ndi Ulongwe. Tsiku lina madzulo tili pakhonde kuswa mtedza, amalume anga anandiponyera funso limene sindinaliyembekezere. Iwo amapitapita ku Balaka, ndipo nkhani za kumeneko amazimva msanga.

"Iwe mphwanga," anatero amalumewo, "poti akuti kuseminaleko mumaphunzira sayansi, tatiuza. Miyala ya ku Kangankunde ija ili ndi chiyani choti anthu n'kuchita kuchokera ku Australia? Golide ayi, malasha ayi."

Ine ndinayankha mothamanga kuti, "Muli ma rare earth, amalume."

"Chimenecho ndiye chiyani?"

Apo ndinangoti kukamwa yasa. Dzina ndimalidziwa, koma chinthucho ayi. Agogo aakazi anaseka nati, "Musiyeni mwanayo, Chingerezi chamuthera." Aliyense anaseka, koma ine manyazi anandigwira.

Titatsegulira sukulu ndinakumananso ndi manyazi ena. Aphunzitsi athu a Chemistry anatifunsa kuti: ngati chigoba chachitatu cha atomu chingathe kusunga maelekitironi 18, n'chifukwa chiyani potaziyamu timalemba 2, 8, 8, 1 m'malo mwa 2, 8, 9? Kalasi yonse inangoti zii. Tonse tinaloweza 2, 8, 8 kuyambira Fomu 1, koma palibe anadziwa gwero lake. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, choncho ndinayamba kufunsa ndi kuwerenga. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti funso la amalume ndi funso la aphunzitsi yankho lake ndi limodzi. Yankholo lagona pa manambala anayi otchedwa manambala a quantum, ndipo ndi amene ndikufuna kukufotokozerani, inu anzanga, makolo ndi azibambo athu.

ATOMU NDI VUTO LAKE

Chinthu chilichonse, kaya ndi madzi a mu Shire, kaya ndi khasu, kaya ndi thupi lathuli, chinapangidwa ndi maatomu. Atomu ndi kanthu kakang'ono zedi: pa milimita imodzi pangandande maatomu mamiliyoni angapo. Pakati pa atomu pali phata, m'mene muli mapulotoni ndi manyutironi. Kunja kwa phatalo kuli maelekitironi. Phata limakoka maelekitironi chifukwa chaji yawo ndi yosiyana. Chiwerengero cha mapulotoni ndicho chimatiuza mtundu wa elementi: haidirojeni ali ndi 1, okosijeni 8, chitsulo 26. Atomu ikakhala payokha, maelekitironi ake amachuluka mofanana ndi mapulotoni.

Elekitironi anaitulukira ndi J.J. Thomson ku Cambridge mu 1897. Mu 1911 Ernest Rutherford, ali ku Manchester, anaonetsa kuti pafupifupi kulemera konse kwa atomu kuli m'phata laling'ono kwambiri. Atomu ikanakula ngati bwalo la mpira, phata lake likanangokhala ngati kambewu ka mapira pakati pa bwalolo.

Poyamba anthu ankaganiza kuti maelekitironi amazungulira phata monga dziko lizungulira dzuwa. Koma panali vuto. Malinga ndi sayansi ya nthawi imeneyo, elekitironi yozungulira chotero iyenera kumataya mphamvu n'kugwera m'phata nthawi yomweyo. Zikanakhala choncho, sipakanakhala mwala, mtengo kapena munthu. Koma ife tilipo. Ndiye kuti ganizolo linali lopereweza penapake.

Mu 1913 Niels Bohr wa ku Denmark ananena kuti elekitironi siingakhale ndi mphamvu ina iliyonse imene yafuna. Ili ngati munthu wokwera makwerero a nkhokwe: angaponde pa mtanda woyamba kapena wachiwiri, koma sangaime m'malere pakati pa mitanda iwiriyo. Mawu akuti quantum akutanthauza zomwezo, kuti mphamvu imabwera m'miyeso yodukizadukiza. Elekitironi ikalandira mphamvu imalumphira pa mtanda wapamwamba, ndipo ikamabwerera pansi imatulutsa kuwala kwa mtundu umodzi wokhazikika.

Izi mungathe kuziona kukhitchini. Wazani mchere pang'ono pa lawi la moto, mudzaona likusanduka lachikasu. Amenewo ndi maelekitironi a sodiyamu wa mumchere akutsika makwerero awo. Potaziyamu amapereka lawi lofiirira motuwa, kopa lobiriwira, ndipo strontium lofiira kwambiri. Elementi iliyonse ili ndi makwerero akeake.

CHINGWE CHOMANGA KU MTENGO

Zithunzi za mizere yozungulira zimene timajambula m'makope mwathu zinachokera kwa Bohr. Zimatithandiza, koma masamu ake ankagwira bwino pa haidirojeni yekha, amene ali ndi elekitironi imodzi. Komanso Bohr sanafotokoze chifukwa chimene mitanda ya makwereroyo ilili pamene ilipo.

Mu 1924 Louis de Broglie wa ku France ananena kuti elekitironi ili ndi khalidwe la funde. Mu 1926 Erwin Schrödinger wa ku Austria analemba masamu ofotokoza fundelo, ndipo manambala athunthu aja anangotuluka okha m'masamumo.

Kuti ndimvetse zimenezi ndinamanga chingwe ku mtengo wa mango n'kumachigwedeza. Ndikagwedeza pang'onopang'ono, chingwe chimapanga mimba imodzi. Ndikafulumiza chimapanga mimba ziwiri, kenaka zitatu. Koma sichingakhazikike pa mimba ziwiri ndi theka, chifukwa nsonga zake n'zogwidwa. Funde lililonse lotsekeredwa limachita chimodzimodzi, ngakhale pa nsambo ya gitala kapena pa chikopa cha ng'oma. Elekitironi nayo ndi funde lotsekeredwa ndi chikoka cha phata. Kagwedezeke kalikonse kololedwa ndiko timakatcha orbital.

Tsono orbital si msewu umene elekitironi imadutsamo. Max Born mu 1926 anafotokoza kuti fundelo limangotiuza mwayi wopeza elekitironi pamalo akutiakuti, ndipo Werner Heisenberg mu 1927 anaonetsa kuti n'kosatheka kudziwa ndendende malo a elekitironi pamodzi ndi liwiro lake pa nthawi imodzi. Taganizani za amayi akusinja chimanga. Mukandifunsa kuti nkhuku yathu yoyera ili pati, sindingaloze malo enieni, koma ndikudziwa kuti kawirikawiri ili pafupi ndi mtondo, mwa apo ndi apo patali pang'ono, ndipo kumunda n'kokayikitsa. Orbital ndi chithunzi cha dera lotere. M'mabuku amajambula malire a dera limene mwayi wopezamo elekitironi uli pafupifupi 90 pa 100.

KEYALA YA MAYANKHO ANAYI

Munthu ukapita kuchipatala kapena kukalembetsa chiphaso, amakufunsa dzina, mudzi, mfumu yaikulu ndi boma. Mapepala akale a agogo anga amati T/A Kalembo, Machinga, poti boma la Balaka linakhazikitsidwa mu 1998. Anga amati T/A Kalembo, Balaka. Mayankho anayiwa amasiyanitsa munthu ndi mnzake. Elekitironi nayo ili ndi keyala ya mayankho anayi. Pofuna kuti zimveke, ndiyerekeza ndi malo ogona a pasukulu yogonera pompo: pali nyumba, m'nyumbamo muli zipinda, m'zipindamo muli mabedi osanjikiza, ndipo bedi lililonse lili ndi malo awiri, pamwamba ndi pansi.

Nambala yoyamba ndi n. Imeneyi ndi nyumba, ndiye kuti chigoba, chimene m'kalasi timachitcha shell. Imayamba 1, 2, 3 n'kumapitirira. Nambalayi ikakula, orbital imakula, elekitironi imatalikira phata, ndipo mphamvu yake imakwera.

Nambala yachiwiri ndi l. Imeneyi ndi chipinda, ndipo imatiuza maonekedwe a orbital. Imayambira pa 0 n'kulekezera pa nambala yochepa ndi 1 poyerekeza ndi n. Choncho nyumba yoyamba ili ndi chipinda chimodzi, yachiwiri ziwiri, yachitatu zitatu, yachinayi zinayi. Zipindazi zili ndi zilembo: l ikakhala 0 timati s, ikakhala 1 timati p, ikakhala 2 timati d, ikakhala 3 timati f. Zilembozi zinachokera ku mawu a Chingerezi akuti sharp, principal, diffuse ndi fundamental, amene akatswiri akale ankatchulira mizere ya kuwala kochokera ku maatomu. Orbital ya s ndi yobulungira ngati lalanje. Ya p ili ngati mtedza wosaswa wa njere ziwiri, phata lili pakati pamene pali poning'a. Zambiri za d zili ngati duwa la masamba anayi, ndipo za f n'zopindikapindika koposa.

Nambala yachitatu ndi m. Imeneyi ndi bedi, ndipo imatiuza kumene orbital yaloza. Imayambira pa l wochotsera, kudutsa pa 0, mpaka pa l wophatikiza. Lalanje ngakhale mulitembenuze chotani limaoneka chimodzimodzi, ndiye m'chipinda cha s muli bedi limodzi. M'chipinda cha p, m angakhale -1, 0 kapena +1, ndiye mabedi ndi atatu. Mtedza uja ungagone kuloza kum'mawa ndi kumadzulo, kapena kumpoto ndi kum'mwera, kapena kuimirira. M'chipinda cha d muli mabedi 5, ndipo cha f muli 7.

Nambala yachinayi ndi spin. Ili ndi mayankho awiri okha, +1/2 kapena -1/2, monga pamwamba kapena pansi pa bedi. Mu 1922 ku Frankfurt, Otto Stern ndi Walther Gerlach anadutsitsa maatomu a siliva pakati pa maginito, ndipo maatomuwo anagawikana magulu awiri okha. Mu 1925 George Uhlenbeck ndi Samuel Goudsmit ku Netherlands anabweretsa ganizo la spin, limene linadzafotokoza zimenezi. Dzinali lisatinamize kuti elekitironi imazungulira ngati nguli. Chofunika kukumbukira n'chakuti elekitironi iliyonse ili ngati kamaginito kakang'ono, koloza uku kapena uko.

MALAMULO ATATU A M'NYUMBAMO

Lamulo loyamba analipeza ndi Wolfgang Pauli mu 1925: mu atomu imodzi, maelekitironi awiri sangafanane manambala onse anayi. Ndiye kuti bedi limodzi limagona awiri basi, wina pamwamba wina pansi. Tikatero kuwerenga n'kosavuta. Chipinda cha s chimasunga 2, cha p chimasunga 6, cha d chimasunga 10, cha f chimasunga 14.

Tiyeni tiwonkhetse. Nyumba yoyamba ili ndi 1s yekha: maelekitironi 2. Yachiwiri ili ndi 2s ndi 2p: 2 kuphatikiza 6 ndi 8. Yachitatu ili ndi 3s, 3p ndi 3d: 2, 6 ndi 10, pamodzi 18. Yachinayi ili ndi 4s, 4p, 4d ndi 4f: pamodzi 32. Pamene ndinawonkhetsa ndekha n'kupeza manambala omwe aja tinkangoloweza, ndinamva kukoma ngati ndapeza ndalama m'thumba la kabudula wakale.

Lamulo lachiwiri ndi lakuti elekitironi imayamba yalowa m'chipinda chofuna mphamvu yochepa, monga madzi amayamba adzaza malo otsika a m'dambo. Ndondomeko yake ndi iyi: 1s, 2s, 2p, 3s, 3p, 4s, 3d, 4p, 5s, 4d, 5p, 6s, 4f, n'kumapitirira. Pali maelementi ena amene amapatuka pang'ono, monga kopa ndi chromium, koma ambiri amatsata ndondomekoyi.

Mwaona kuti 4s yabwera 3d isanafike? Apa ndiye pali yankho la funso la aphunzitsi athu. Maelekitironi a mkati amaphimba chikoka cha phata, monga anthu okhala kutsogolo aphimbira anzawo moto. Koma elekitironi ya mu orbital ya s, ngakhale ikhale ya nyumba yakutali, imakhala ndi mwayi wopezeka pafupi penipeni ndi phata, pamene ya d siifikako. Choncho mu potaziyamu, amene ali ndi maelekitironi 19, oyamba 18 amadzaza mpaka 3p, ndipo wotsalayo amapeza kuti 4s ndi potsika kuposa 3d. N'chifukwa chake timalemba 2, 8, 8, 1. Kalisiyamu, nambala 20, amadzaza 4s. Kuyambira pa scandium, nambala 21, maelekitironi amabwerera kukadzaza 3d, mpaka pa zinki, nambala 30.

Lamulo lachitatu ndi la Friedrich Hund wa ku Germany. M'chipinda chimodzi, maelekitironi amayamba atenga aliyense bedi lakelake, onse oloza kumodzi, ndipo amagona awiriawiri pokhapokha mabedi opanda munthu atatha. Ife anyamata lamuloli sitikulidabwa, timalitsata tsiku lotsegulira sukulu.

Fanizo langali lili ndi polekezera. Mu atomu mulibe makoma, ndipo maorbital amalowana ngati utsi wa moto uwiri. Koma kuwerengaku n'koona.

PERIODIC TABLE IYAMBA KULANKHULA

Dmitri Mendeleev wa ku Russia anandandalika maelementi mu 1869, elekitironi isanadziwike n'komwe. Iye anangoona kuti makhalidwe amabwerezabwereza. Lero tikudziwa chifukwa chake. Khalidwe la elementi limadalira maelekitironi a kunja kwenikweni, chifukwa ndi amene amakumana ndi maatomu ena. Sodiyamu ali ndi elekitironi imodzi mu 3s, potaziyamu imodzi mu 4s, ndiye onse amafulumira kuitaya, ndipo ali mu mzere umodzi wotsika. Klorini, nambala 17, amasowa imodzi kuti adzaze 3p. Sodiyamu akapereka, klorini n'kulandira, timapeza mchere wothira m'ndiwo. Neon ndi argon zipinda zawo za kunja n'zodzaza, ndiye safuna kupereka kapena kulandira.

Tayang'anani tebulo limene lapachikidwa mu labu. Mizere iwiri ya kumanzere ndi ya s, poti s amasunga 2. Mizere 6 ya kumanja ndi ya p. Mizere 10 ya pakati ndi ya d. Ndipo mizere iwiri yopingasa imene anaiika payokha pansi, imene ife sitiiwerenga poti siibwera pa mayeso, ndi ya f. Kumeneko ndiye kuli yankho la amalume.

TIBWERERE KU KANGANKUNDE

Phiri la Kangankunde lili m'boma lathu lomweli, kum'mwera kwa tawuni ya Balaka. Mwala wake ndi wa mtundu wotchedwa carbonatite, umene unachokera pansi pa nthaka uli wosungunuka kalekale. M'mwalamo muli mchere wa m'nthaka wotchedwa monazite, ndiponso strontianite, m'mene muli strontium uja wa lawi lofiira. Mu monazite ndimo muli ma rare earth, makamaka lanthanum, cerium, praseodymium ndi neodymium, amene manambala awo ndi 57, 58, 59 ndi 60.

Ma rare earth onse alipo 17: maelementi 15 oyambira pa 57 mpaka 71, kuphatikiza scandium ndi yttrium. Dzinali limamveka ngati ndi osowa, koma cerium ngwochuluka m'nthaka ya dziko lapansi pafupifupi ngati kopa. Chosowa ndi malo amene anaunjikana mokwanira kuti akumbidwe. Mu 2022 kampani ya ku Australia yotchedwa Lindian Resources inalengeza mgwirizano wogula mgodi wa Kangankunde, ndipo mu 2023 inalengeza kuti kafukufuku wake waonetsa miyala yokwana matani 261 miliyoni, yokhala ndi ma rare earth opitirira pang'ono 2 pa 100 alionse. Mwa amenewa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi neodymium ndi praseodymium, amene ndi ofunika kwambiri pa msika. Ku Phalombe kulinso mwala wa mtundu womwewu pa phiri la Songwe.

Nanga manambala a quantum akubwera bwanji pamenepa? Kuyambira pa cerium mpaka pa nambala 71 pali maelementi 14, ndipo m'gulu limeneli ndimo chipinda cha 4f chimadzazidwa. Paja tinati f ili ndi mabedi 7 ndi malo 14. Koma 4f imayamba kudzazidwa mochedwa, zipinda za 5s, 5p ndi 6s zitadzaza kale. Ndiye kuti maelekitironi atsopanowa amakakhala mkati, obisika kuseri kwa anzawo. Izi zimabala zinthu ziwiri.

Choyamba ndi maginito. Paja elekitironi iliyonse ndi kamaginito. Awiri akagona bedi limodzi, wina amaloza uku wina uko, ndipo mphamvu zawo zimafafanizana. Koma ogona okha, molingana ndi lamulo la Hund, amaloza kumodzi ndipo mphamvu zawo zimaphatikizana. Chitsulo chili ndi maelekitironi 6 m'mabedi 5 a 3d, ndiye anayi amagona okha. Ichi ndi chiyambi cha mphamvu ya maginito ya chitsulo. Vuto n'lakuti chitsulo pachokha chimataya msanga kumene chaloza. Neodymium, akakhala m'mwala kapena m'chitsulo chosakaniza, amatsala ndi maelekitironi atatu mu 4f, onse ogona okha. Mtambo wa maelekitironi amenewa si wobulungira ngati lalanje, ndi wophwatalala. Tsono umakhazikika pakati pa maatomu oyandikana nawo monga mpini ukhazikika m'khasu, osatembenuka wamba, ndipo umagwira maginito a chitsulo kuti asatembenukenso. Chitsulo chimapereka mphamvu zambiri, neodymium amazimangirira.

Mu 1983 Masato Sagawa wa ku Japan ndi John Croat wa ku America, aliyense payekha, analengeza maginito opangidwa ndi neodymium, chitsulo ndi boron, pa muyeso wa maatomu 2, 14 ndi 1. Amenewa ndi maginito okhalitsa amphamvu koposa amene amagulitsidwa. Ali m'masipika a foni za m'manja, m'mainjini a galimoto zoyendera magetsi, ndi m'makina opukusa magetsi ndi mphepo. N'kutheka kuti foni imene amalume anali nayo m'thumba pamene ankandifunsa inali ndi neodymium mkati. Cerium naye timamudziwa osadziwa: ali m'kamwala kothetheka ka mu laitala yoyatsira moto.

Chachiwiri ndi vuto lolekanitsa. Poti kusiyana kwawo kwabisika mkati, kunja ma rare earth amaoneka ofanana, ndipo pafupifupi onse amakonda kutaya maelekitironi atatu. Mankhwala amene asungunula mmodzi amasungunulanso mnzake. Kupeta mpunga ndi mankhusu n'kosavuta, koma tayesani kulekanitsa ufa wa chimanga cha m'minda iwiri utasakanizidwa. Kwa zaka zoposa 40 akatswiri ankaganiza kuti pali elementi imodzi yotchedwa didymium, dzina lochokera ku mawu a Chigiriki otanthauza mapasa, omwe aja tiwamva m'dzina la Tomasi Didimo. Mu 1885 ku Vienna, Carl Auer von Welsbach anaonetsa kuti ndi maelementi awiri: praseodymium, mapasa obiriwira, ndi neodymium, mapasa atsopano. Ngakhale masiku ano mafakitale amasakaniza ndi kusuza mobwerezabwereza kokwana mazana asanapeze elementi imodzi payokha. Ntchito imeneyi gawo lake lalikulu zedi limachitikira ku China. Mu 2025 kampani ya Lindian inagwirizana ndi kampani ina ya ku Australia, ya Iluka, kuti gawo la monazite wa ku Kangankunde lizikayengedwa ku Eneabba, kumadzulo kwa dzikolo.

Apa ndiye pamene mtima wanga unagunda. Mwala uli kwathu, koma luso lolekanitsa mapasa aja ndi kuwasandutsa maginito lili kwina, ndipo mtengo wa chinthu umakwera pamene chadutsa m'manja mwa waluso. Ife a kwa Kalembo izi tikuzidziwa bwino pa thonje: mlimi amagulitsa pa kilo, n'kudzagula malaya pa mtengo wowawa. Sindikunena kuti mwana wa Fomu 3 angamange fakitale. Ndikunena kuti mtundu umene sudziwa chimene chili m'nthaka yake sungathe ngakhale kufunsa mafunso oyenera pa tsiku lokambirana mtengo.

MAWU OTSIRIZA

Bungwe la United Nations linasankha chaka cha 2025 kukhala chokumbukira sayansi ya quantum, patatha zaka 100 chiyambire. Ambiri mwa amene anaiyamba anali achinyamata. Pauli anali ndi zaka 24 pamene anapeza lamulo lake, ndipo Goudsmit anali ndi zaka 23. Iwo sankadziwa za Kangankunde, ndipo sankafuna maginito. Ankangofuna kumvetsa chifukwa chimene mchere uwalira chikasu pamoto.

Kwa inu anzanga ndikuti, kuloweza 2, 8, 8 kungatipatse malikisi, koma tisalekere pomwepo. Tengani pepala, mujambule nyumba, zipinda ndi mabedi, ndipo mugoneke maelekitironi a okosijeni, a sodiyamu ndi a chitsulo mmodzimmodzi. Mukafika pa potaziyamu mudzaseka nokha. Enafe tidzakhala ansembe, ena aphunzitsi, ena alimi, koma tonse tidzakhala pakati pa anthu amene adzatifunsa mafunso ngati la amalume anga, poganiza kuti amene anapita kusukulu akudziwa. Kwa inu makolo ndikuti, pitirizani kutifunsa. Funso la pakhonde lija landiphunzitsa zambiri kuposa mayeso a teremu yonse.

Tchuthi chikubwerachi ndikapita kwathu ndi yankho. Ndikatenga lalanje limodzi ndi mtedza wosaswa utatu, ndikakhala pansi pakhonde pomwe paja, ndipo ndikati: "Amalume, m'miyala ija muli maelementi amene maelekitironi awo ena amagona okhaokha m'chipinda chamkati. N'chifukwa chake amapanga maginito amphamvu, n'chifukwa chakenso ndi ovuta kuwalekanitsa." Ndikudziwa kuti iwo akafunsanso funso lina, poti amalume anga sakhutira msanga. Koma ulendo uno agogo sakanenanso kuti Chingerezi chandithera, chifukwa ndikawafotokozera m'Chichewa.

Wophunzira wa Fomu 3